Mizere Isanu ndi Iwiri ya Amayi

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Msakambewa tsiku limene amalume anga a Gwaza anaponda foni yanga ndi jombo, amayi maso ali pansi.

Ndinali Fomu 3. Aphunzitsi a Chingerezi anatipatsa kakhadi ka m'foni kodzaza ndi nkhani zakale za azungu, zowerengedwa ndi bambo wina wolankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ankati tizolowere chilankhulo mayeso asanafike. Ine ndinkamvera m'chigafa, posankha fodya wa amalume. Azimayi aganyu anatopa ndi phokoso losamveka, ndipo mmodzi wa iwo, aNabanda, anati, "Iwe Yamikani, tatiuza, akuti chiyani mzungu wakoyo?" Basi ndinasanduka womasulira.

Poyamba ndinkamasulira zoona, anthu n'kumayasamula. Ndiye ndinayamba kuthiramo mchere wanga.

Tsiku limenelo mzungu ankasimba za mayi wodikira mwamuna wake amene anapita ndi sitima ya pamadzi. Ine ndinati, "Akuti kunali bambo wina wa mpingo, munda wake unagundana ndi wa mlongo wake wamasiye. Chaka chilichonse polima ankadya mzere umodzi wa mlongoyo, malire n'kumayenda okha ngati ali ndi miyendo." Mzungu akapuma, ine ndinkapuma. Akakweza mawu, ine ndinkakweza. "Akuti zaka zisanu ndi ziwiri, mizere isanu ndi iwiri."

"Kwa azungunso amalima mizere?" anafunsa aNabanda.

"Kwambiri. Ndipo akuti bamboyo ankavala jombo zobiriwira."

Chigafa chonse chinayang'ana mapazi a amalume.

Sindinong'oneza bondo, ndipo nditapatsidwanso tsikulo ndingawonjezere ndi chipewa chawo chomwe. Munda unali wa amayi anga, mizere ndinkaiwerenga ndekha. Amalume ataphwanya foniyo anati, "Fizi ya mwanayu ndimalipira ndine. Kuyambira lero amulipirire mzungu wakeyo." Amayi anagwada: "Pepani achimwene, ndi ubwana." Mawu amenewo ndi amene anandikweza minibasi. Ndinatola kakhadi kanga m'dothi, n'kunyamuka.

Ku Lilongwe ndinkatsuka maminibasi, manja kung'ambika ndi sopo, n'kumagona m'kachipinda ka anyamata anayi ku Mchesi. Ndalama yoyamba ndinagula foni yosweka galasi. Nkhani zija ndinazimvera mpaka ndinayamba kumumvadi mzungu uja, koma panalibe womumasulira. Anzanga ankafuna nyimbo basi. Nkhani yomvera wekha ili ngati ndiwo zopanda mchere, ndipo pamenepo m'pamene ndinkasowa kwathu, ine wodana nako.

Kangachepe kamene ndinkapeza ndinkatumiza pa foni ya aNabanda. Mayankho a amayi sankasintha: "Uzipemphera. Amalume ako akupereka moni." Bodza. Za munda, za sukulu yanga, zii. Patatha chaka uthenga unasintha: "Bwera, fodya wauma, manja achepa."

Nditatsika njinga yamoto, ndinadzera kumunda dala. Malire anali atabwerera pakale, atadzalidwa nkhadze, ndipo m'mizere isanu ndi iwiri ija munali mtedza wa amayi. ANabanda anandiuza kuti nkhani ya mzungu inayenda kumjigo, kuchigayo, mpaka kutchalitchi. Ana ankakuwa "jombo zobiriwira" amalume akamadutsa. Akulu a mpingo atawaitana, anabweza mizereyo.

Mukuganiza ndinasangalala? Mudzi wonse unkadziwa za mizereyo kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Unkadikira mwana wa sukulu ndi mzungu wa m'foni kuti anene, ndipo mwanayo atathamangitsidwa palibe anatsokomola n'komwe. Mizere inabwerera, sukulu yanga sinabwerere. Kuwonjezera apo, amayi anati ndikapepese ndi nkhuku.

"Ndipepese chiyani, amayi?"

"Unawachititsa manyazi akuluakulu. Ndi mwambo."

Ndinapita nayo nkhukuyo, tambala wonenepa. Amalume anamuyeza m'manja n'kuti, "Tauni yakuphunzitsa ulemu." Tambalayo ndinamugwira kuseri kwa khola lawo lomwe. Anamudya Lamulungu.

M'chigafa, m'mawa mwake, azimayi anayamba kundinong'oneza mmodzimmodzi. Wina ankafuna mzungu anene za mbuzi zomwe zimamudyera chimanga, wina za mpongozi wake. Aliyense ali ndi mlandu, aliyense akufuna pakamwa pa mwana wa eni. Amayi nawonso anati, "Tayatsa zija."

Ndinayatsa nkhani yomwe ija ya sitima, n'kuyamba: "Akuti kunali mayi wina, mwana wake anamumenyera nkhondo ya munda. Mwanayo akupirikitsidwa, mayiyo anagwada n'kuti ndi ubwana."

Manja onse anaima. ANabanda anati, "Mzunguyo wadumpha pena. Amene anakatula nkhaniyo kwa akulu a mpingo, Lamulungu katatu kotsatizana, ndi mayi yemweyo."

Ndinawayang'ana amayi. Sanadzutse mutu, ankangosalaza tsamba pabondo.

"Masulira bwino, iwe," anatero.

"Akuti mayiyo analankhula mochedwa," ndinayankha. "Akuti mwanayo akufuna Fomu 4, ndipo mtedza wa m'mizere isanu ndi iwiri ija ukwana."

Mzungu anali akulirabe za sitima yake. Amayi anaika tsamba pamulu.

"Muuze mzunguyo kuti tamva."