Ndinapatsa wakupha wa m'kanema dzina la msuweni wanga

Inu owerenga, ine ndinapereka msuweni wanga m'manja mwa apolisi ndi pakamwa pangapa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anali wolakwa. Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima mpaka imvi zadzaza mutu. Ndikuinena ndi manyazi, koma mwina wina apulumukirapo.

Nthawiyo ndinali mphunzitsi wachinyamata pasukulu ya mishoni kufupi ndi Mayani, m'zaka zija za chipani chimodzi. Bambo mfumu anali ndi makina oonetsera kanema. Lamulungu masana tinkatchinga mazenera a holo ndi mabulangete, jenereta n'kulira, anthu n'kudzaza mpaka pakhomo. Popeza makanemawo anali a Chingerezi, ine ndinkaima pambali pa nsalu yoonetserapo kanema n'kumamasulira. Kunena zoona, kumasulira kunali kochepa, zambiri ndinkangothira nsinjiro. Azungu a m'kanemamo ndinkawapatsa mayina a anthu a m'mudzi, ndipo anthu akaseka ndinkadzimva kuti ndine dolo.

Tsiku lina kunabwera kanema wa munthu amene ankapha akazi mmodzimmodzi. Nkhope yake sankaionetsa. Tinkangoona chijasi chachitali ndi chipewa, mwini wake akuyenda mu nkhungu atatifulatira. Nditaona chijasicho ndinakumbukira a Laisoni, mwana wa amalume anga, amene anabwera ndi chijasi chotero kuchokera kumigodi ya ku Joni. Anali munthu wofatsa, wokhoma ndowa pamsika. Chisuweni mukuchidziwa: tinkanyogodolana tsiku ndi tsiku, iwo n'kumati ndine mphunzitsi wodziwa Chingerezi koma wosadziwa kufunsira mbeta. Ndiye ndinaona kuti mpata wobwezera ndi womwewu. Ndinakuwa kuti, "Awo a Laisoni atulukira, azimayi thawani!" Holo yonse inafa ndi phwete. Eni akewo anali pabenchi yakumbuyo, ndipo anaseka nawo akundiloza chala.

Tsoka lake, mpukutu womaliza wa kanemayo sunabwere, chitini chake chinasochera pabasi. Nsalu inangoyera mbee wakuphayo asanagwidwe, anthu n'kuyamba kung'ung'udza. M'malo mowauza zoona, ndinawapekera mathero anga. Ndinati munthuyo sanagwidwe, anakwera basi, ndipo anadzatsikira pa Mayani pompano. Anthu anatuluka akugwira nthiti. Kuyambira tsiku limenelo ana akaona a Laisoni ankathawa mwamasewera akukuwa.

Miyezi yozizira itafika, mayi wina anapezeka atafa m'dimba lake la kachewere. Pasanapite nthawi mtsikana amene anapita kuchigayo anapezekanso patchire m'mbali mwa njira. Kuseka kunathera pomwepo. Wina anati anaona munthu wovala chijasi. Inu owerenga, ku Dedza nthawi yachisanu ndani savala chijasi? Koma chijasi chimene anthu ankachikumbukira chinali chimodzi chokha. Ena, makamaka amene kanemayo anangomumva kwa anzawo, ankachita kulumbira kuti a Laisoni anaonekadi pansalu paja.

Apolisi anabwera kusukulu pamodzi ndi anyamata a chipani, n'kunditulutsa m'kalasi ana akuona. Anandifunsa kuti mwa anthu onse a m'derali, ndinatchuliranji a Laisoni? Ndinkadziwa chiyani? Anati wobisa chigawenga nayenso ndi chigawenga. Masiku amenewo munthu ankakwera galimoto ya apolisi osadzaonekanso. Pomwepo ndinakumbukira kuti m'mawa wa tsiku limene mtsikana uja anasowa, ndikupita kusukulu, ndinaona munthu wachijasi akutsetsereka njira ya kuchigayo mu nkhungu, atandifulatira. Ndinawauza zimenezo, ndipo atandifunsa ngati munthuyo anali a Laisoni, ndinati inde.

Anakawatenga pamsika, nyundo ili m'manja, ndowa ya mwini isanathe kukhomedwa. Ine ndinabisala kuseri kwa golosale ngati mbava. Ndinawamva ndi makutu anga akuuza anthu kuti, "Kaitaneni asuweni aphunzitsi, adzawafotokozere awa kuti zija zinali zocheza." Ndinaima pomwepo, phee, mpaka galimoto inanyamuka.

Mlandu wawo sitinaumve. Ena ankati anamwalira kundende, ena ankati anawasamutsira kummwera, koma palibe amene akanayerekeza kukafunsa. Amalume anatsikira kulichete osandilankhulanso. Kwathu kuphana kunaleka, ndipo ndinadzitonthoza kuti ndiye kuti ndinanena zoona. Kenaka tinamva kuti cha ku Lobi kwapezekanso mayi wina ataphedwa mofananamo. Ena anati ameneyo ndi wakupha wina, ena anangogwira pakamwa. Amene anachita zimenezi sanadziwike mpaka lero.

Chimene chimandidya mtima ndi ichi. Ndikatsinzina kuti ndiuonenso m'mawa uja, ndimaona chijasi, chipewa ndi nkhungu. Koma chithunzicho chilibe mtundu, ndi chakuda ndi choyera basi, ngati cha pansalu. Njira ya kuchigayo ndi ya dothi lofiira, ndaiyenda moyo wanga wonse, koma m'maganizo mwanga mulibe kufiira ngakhale pang'ono. Sindidziwanso ngati ndinaona munthu panjira kapena ndinangokumbukira kanema, mantha n'kumalizitsa zotsalazo.

Patapita zaka zambiri, ine nditapuma ntchito, kunyumba kwanga kunabwera Rozina, mwana wa a Laisoni, amene anali kumbuyo kwa amayi ake pamene bambo ake ankatengedwa. Ndinamupatsa mpando, anakana. Sananditchule ngati mbale. Anati, "Aphunzitsi, ine sindinabwerere mkangano ayi. Ana anga akufunsa za agogo awo. Kodi bambo munawaonadi tsiku lija?" Ndinati, "Sindikudziwa, mwanangu." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Mawu amenewo ndi amene mukanawauza apolisi aja." Anatembenuka n'kumapita, ndipo sindinayerekeze kumuperekeza.

Inu owerenga, lero makanema a zakupha ali paliponse, ndipo ndimamva achinyamata akulozana kuti uyu akufanana ndi uja. Ndikukupemphani, dzina la munthu wamoyo musamalimate pa chigawenga kuti anthu aseke. Kuseka kumaiwalika, dzina limatsala. Nkhani ikathera panjira, isiyeni pomwepo, musaipekere mathero. Ndipo wina akadzakufunsani zimene munaona, kaya ndi wamkulu chotani, kaya mukunjenjemera bwanji, nenani zokhazo zimene maso anu anaona. Ngati simukudziwa, nenani tsiku lomwelo kuti simukudziwa. Ine ndinadzanena mawu amenewa munthu atapita kale, ndipo ndinawanena kwa mwana wake wamasiye.