Kandalama ka mumpendero wa jekete

A Evaristo Chikoti anali munthu wosayankhulayankhula, ndipo ku Nambuma munthu wachete amamuyang'ana ndi diso la kumbali. Kwawo kunali ku Mulanje. Anabwera ndi utenanti wa fodya, kenako analowa ntchito yophikira wansembe wina wokalamba wa ku Italy, n'kukwatira a Margret, n'kukhazikika pachikamwini.

Wansembeyo pobwerera kwawo, chaka chomwe matipate inabwera, anawasiyira kandalama kagolide, kakang'ono ngati batani. Anati kanasulidwa mumzinda wa Venisi kalekale, azungu asanadziwe n'komwe njira ya kuno, ndipo amalonda ankagulira nsalu ndi zokometsera ndiwo kutsidya kwa nyanja. Mbali imodzi kunali munthu atagwada pamaso pa wina woimirira. A Evaristo anakasokerera mumpendero wa jekete osauza munthu, ngakhale mkazi wawo yemwe. Ati kuopa akuba. Ha, amuna inu!

Zaka zinapita. Fodya wawo ankachita bwino, mpaka anafolera nyumba ndi malata alamu awo akugonabe m'zaudzu. Ndiye mdzukulu wawo Zione anadwala, kutentha thupi kosamva mankhwala. Sabata yomweyo a Margret pochapa jekete lija anamva kanthu kolimba mumpendero. Anadula ulusi, n'kupeza kandalama kaja. Sanafunse amuna awo ayi. Anathamangira kwa mlongo wawo, a Stanislaus, mwini mbumba, ndipo abale anasonkhana.

"Alamu," anatero a Stanislaus akukatembenuzatembenuza, "ndi ndalama yanji yosagula ndi mchere womwe? Wagwadayu si inu kwa sing'anga? Malata aja anachokera apa eti? Tsopano mwafika pa mwana wathu?"

"Ndi mphatso ya abambo mfumu," anayankha a Evaristo. "Waimayo ndi Marko Woyera."

"Kodi mphatso amabisira mkazi?"

A Evaristo anayang'ana a Margret, a Margret anayang'ana pansi, ndipo mantha anawagwira amunawo, poti mkamwini sachedwa kumangiridwa katundu. Anatsomphola kandalamako, n'kupita nako kuchimbudzi onse akuona, n'kukaponyamo.

"Onani!" anakuwa. "Chikanakhala chizimba ndikanachitaya?"

Pomwepo n'kuti Zione atayamba kale mankhwala ena a kuchipatala. Sipanapite nthawi, mwana anadzuka n'kupempha phala. A Evaristo ndiwo anayamba kumunyamula, misozi ili mbwembwembwe, akuthokoza Mulungu. Pocheuka anaona a Margret ataima pakhomo, akuwayang'ana ngati mlendo.

"Mutsitseni mwanayo," anatero a Margret. "Mwataya chija, wachira. Tinenenso chiyani?"

Lero a Evaristo amalondera golosale ina pa Nsaru, ndipo amagona pakhonde pomwepo. Zione anakula, anakwatiwa, sanawaitane ku ukwati. Jekete lija amavalabe, mpendero uli chong'ambika.