Mmawa umene anandichotsa nzeru

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amalume anagamula kuti nzeru m'banja mwathu zinasochera. Ine ndi mlongo wanga Yohane tinali kalasi imodzi, kumudzi kwathu kufupi ndi Malomo. Ine ndinkakhala nambala wani. Yohane, mwana wabwinobwino, mtima wake unali pa misampha ya mbewa.

"Mutu wa mwamuna uli pa mkazi," amalume anawauza amayi. "Uyu mawa atenga mimba, nzeru zonsezi zithera pamtondo."

Amayi, amene sankajomba kutchalitchi, analola kuti amalume atitengere kwa sing'anga akasamutsire nzeruzo kwa Yohane.

Tinakwera phiri mmawa wina wa chisanu, nkhungu itatseka njira. Pakhomo pa sing'angayo panalibe nkhuku, panalibe galu, ngakhale mbalame sizinkalira. Munthuyo sanandiyang'ane kumaso. Anandimeta paliwombo ndi lezala, n'kuwotcha tsitsilo m'phale, ndipo phulusa lake analipaka m'mphini zimene anamutema Yohane pachipumi. Fungo lija mpaka lero limandibwerera.

Kenaka anapereka malamulo, mawu ake ali pansipansi. "Madzi osamba mnyamatayu azitunga ndi mtsikanayu mmawa uliwonse, pakasupe wa kuseri kwa phiri. Kunyumba, buku azigwira ndi mnyamata yekha. Mukaphwanya, mmodzi apenga."

Ndinkaopa misala, choncho sindinaphwanye. Kasupeyo anali kutali. Ndinkafika kusukulu masamu atatha, aphunzitsi n'kundipatsa chikwakwa kuti ndikatchetche udzu chifukwa chochedwa. Ndikalowa m'kalasi, tulo. Pometedwa paja pankazizira, ndipo ndinkakhulupirira ndithu kuti nzeru zikutulukira pomwepo. Teremu itatha, dzina langa linaitanidwa kumapeto.

"Mwaona? Zatuluka," amalume anatero, akumwetulira.

Koma kwa Yohane sizinafike. Anayamba kuwonda. Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa anandinong'oneza, "Achemwali, ndikatsegula buku ndimamva mawu anu akuwerenga m'mutu mwanga. Auzeni asiye." Chaka chisanathe anasiya sukulu, ndipo sanagwirenso buku. Ine mayeso a Sitandade 8 ndinalephera, n'kukwatiwa. Banja linafuna kusankha mmodzi, linataya onse awiri. Zimandipwetekabe.

Ndinakhala zaka zambiri ndikukhulupirira kuti mankhwala aja anali amphamvu. Ndinazindikira nditabwerera kusukulu ndili kale ndi ana, pamene masamu anandilandira ngati sindinachokepo. Phulusa lija silinatenge kanthu. Chimene anandilanda ndi nthawi, ndipo anachita kundiopseza kuti ndiipereke ndekha.

Lero ndimagulitsa m'golosale pa Malomo. Belu la sukulu likamalira, ndimaona anyamata akuthamanga ndi mabuku, alongo awo akutsika phiri ndi ndowa pamutu, yunifomu asanavale. Atsikana amenewa palibe amene anawatengera kwa sing'anga. Akuwachotsa nzeru dzuwa likuswa mtengo, ndipo tonse timangowayamikira kuti ndi ana olimbikira ntchito.