Ng'ombe zanga sindigulitsa, alamu

Linali Lachinayi, 4 koloko madzulo, pamene ngolo yathu inalowa pabwalo n'kuima pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali pakhonde ndikuswa mtedza. Amuna anga, bambo a Esinati, anali pamalo pawo pa masiku onse, atatsamira thumba la feteleza, chipewa chili kumaso, chingwe chili m'manja. Ndinawanena kuti ulesi wanji wogona pangolo dzuwa likanalipo. Sanayankhe. Nditawagwira dzanja, linali lozizira.

Anamwalirira panjira pochokera ku Nsaru. Malo ake enieni palibe akuwadziwa. Ng'ombe zathu ziwiri, Sitima ndi Jekete, zinkaidziwa njira, ndiye zinangowabweretsa kunyumba. Pamaliro anthu angapo anandiuza kuti anakumana nayo ngoloyo n'kupereka moni. Wina anati anadabwa kuti lero sakuyankha, koma anangoti akuluwa atopa.

Papita dzinja limodzi. Chingwe chija ndinachitenga ndine. Ndimatuta njerwa, manyowa, nkhuni ndi matumba a anthu opita kumsika. Ndi mmene ndimadyera.

Tsono Lolemba lapitali kunabwera alamu anga, a Dalikeni, ang'ono awo a malemuwo. Anabwera ndi mlendo. Sanayambire kunyumba, anayambira kukhola. Ndinapeza mlendoyo atagwira Sitima pamphuno, akumuyang'ana mano. Ndinamuzindikira. Ndi bambo uja amapha ng'ombe pamsika.

Alamu anayamba bwinobwino. Anati mtima ukuwapweteka kuona mayi wa imvi akulimbana ndi goli m'mamawa. Anati anthu akuwanena kuti abale a mwamuna andinyanyala. Maganizo awo anali akuti ng'ombe zigulitsidwe zisanathe mafuta, ngolo akaisunge iwo, ine ndizipuma.

"Mwakula, alamu," anatero. "Ntchito iyi ndi ya anyamata."

Koma mukanaona zimene anavala. Tisheti yachipani, yatsopano, ndipo pachifuwa pali nkhope ya mkulu wina amene akufuna upulezidenti pachisankho chikubwerachi. Dzina sinditchula, pakuti si iye yekha wa imvi amene akupempha voti yathu. Ndingonena kuti pamene ine ndinkaphunzira kusenza ndowa, iyeyo anali kale munthu wovala taye.

Ndinati, "Kodi alamu, awo ali pachifuwapo munawayang'ana mano?"

Wopha ng'ombe uja anaseka mpaka anasiya mphuno ya Sitima. Alamu sanaseke. Anati zandale ndi nkhani ina, dziko limafuna munthu wokhwima, ndipo akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndinawafunsa ngati dambolo ndi la amuna okhaokha, ife azimayi tikakula ndife udzu wouma. Anati ndikuyankhula mwachipongwe chifukwa cha chisoni.

Nkhaniyi ndakhala ndikuitembenuza sabata yonse.

Kukalamba m'dziko muno kuli pawiri. Munthu wagalimoto akakalamba, amati ndi nzeru, ndipo amamuimbira nyimbo. Mayi wamasiye akakalamba, amati watha ntchito. Akakhala ndi tsoka, amamupatsanso dzina la mfiti.

Amene ali ndi penshoni akuti sanatope. Ife opanda penshoni ndi amene tikuuzidwa kuti tipume. Tipume tizidya chiyani?

Ndipo pali china chimene ndaona. Mawu akuti pumulani sapita kwa wamasiye aliyense. A Nambewe, oyandikana nawo nyumba, ndi aakulu kuposa ine, msana unapindika kale, koma mpaka lero amapalira m'minda ya eni kuti apeze ufa. Palibe m'bale anabwera kudzawauza kuti apume. Alibe khola. Chisoni cha abale chimadziwa khomo la khola kuposa khomo la nyumba.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti aliyense wa imvi achoke pampando. Ndikatero ndiye kuti ndapereka chingwe kwa alamu ndi manja anga. Zaka sizikoka ngolo. Sitima ndi wokalamba, mano akutha, koma ndi amene amaongola njira Jekete akayamba kupupuluma. Mlimi aliyense amadziwa kuti ng'ombe yaing'ono imaphunzira goli pambali pa yaikulu.

Koma ine ndinaona ndi maso anga ngolo ikufika pakhomo woyendetsa atapita kale. Zimenezi sindiziiwala ndikamamva nyimbo za kampeni.

Dziko nalonso lili ndi ng'ombe zake zodziwa njira. Mvula ikagwa alimi adzadzala, kaya pampando pali ndani. Aphunzitsi adzalowa m'kalasi, anamwino adzabaya jakisoni, maminibasi adzaitana anthu pasiteji. Ngolo idzayenda ndithu ngakhale wogwira chingwe atasinza. Ndipo amene amadya pafupi naye adzatiuza kuti taonani mmene akuyendetsera bwino.

Tsiku limene amuna anga anamwalira lija msewu unali wouma, panalibe lole, panalibe mlatho wogumuka. Kukanakhala chimodzi mwa zimenezi, ndikanalira maliro a munthu ndi a ng'ombe zomwe. Ng'ombe imadziwa njira ya dzulo. Njira ikasintha, pamafunika munthu amene ali maso. Nanga njira ya dziko lino si ikusintha chaka ndi chaka? Mvula sikubweranso monga kale, feteleza sakugwirika, ana athu akumaliza sukulu n'kubwerera kudzakhala pamsika.

Choncho ine sindifunsa chaka chimene munthu anabadwa. Ndikufuna tikamupatsa moni, ayankhe yekha. Osati kudzera mwa womuyankhulira wa pawailesi, osati kutibayibitsa pawindo galimoto ikuthamanga. Atsike, aime pakati pathu, mlimi amufunse za mtengo wa soya, mayi amufunse za mankhwala kuchipatala, ndiye timve ngati mawu akutuluka m'mutu mwake. Ngati akutha, imvi zake sizindivuta. Ngati sakutha, ngakhale atakhala wa tsitsi lakuda bii, voti yanga saiona.

Funso langa lina ndi ili. Pambali pake wakhazikapo ndani?

Bambo a Esinati anali munthu wabwino, koma chingwe sankalola munthu wina kuchigwira. Ankati Jekete amamva mawu awo okha. Atapita, ine ndinaphunzira movutika. Ulendo wina ngolo inapendekera m'ngalande, njerwa zonse pansi, bondo langa linatupa mwezi wathunthu. N'chifukwa chake masiku ano mwana wanga Esinati, ngakhale ali ndi ana ake ndi munda wake, ndimamuitana kuti akwere nane akapeza mpata. Pena amagwira chingwe iyeyo ine n'kumangoyang'ana. Amalakwitsa, timakangana, mawa lake timakweranso.

Akuluakulu athu andale ambiri safuna zimenezi. Wachinyamata akangotambasula dzanja kuloza chingwe, mawa mumva kuti wachotsedwa m'chipani. Achinyamata ntchito yawo ndi kudzipenta kumaso ndi kuvina patsogolo pa galimoto. Kenaka akuluwo amatiuza kuti sangapume chifukwa palibe wina wodziwa njira. Nanga akanaidziwa bwanji mutamusiya pansi?

Kusiyana kwa ine ndi iwo n'koonekeratu. Ine ndikalephera, wogwera m'ngalande ndine ndi katundu wa munthu mmodzi, ndipo mudzi wonse udzaona tsiku lomwelo. Mtsogoleri akalephera, m'ngolomo muli tonse, ndipo timauzidwa kuti zonse zili bwino. Kodi woyenera kuyesedwa mphamvu ndi uti pamenepa? Koma alamu anga, amene akuyenda midzi yonse kupempha kuti nkhalamba ipatsidwe dziko, akuti ine sindingathe ng'ombe ziwiri.

Lolemba lija sitinamvane. Alamu anati popeza ndikuchita makani, akaitana akubanja onse kuti adzaweruze, chifukwa ng'ombezo zinali za achimwene awo. Ndinawauza kuti awaitane, mphasa zilipo. Ndinawakumbutsanso kuti ng'ombezo zinachokera mu fodya amene ndinathyola ndi kusoka ndi manja angawa, pamene iwo sankaoneka ndi pamzere umodzi womwe.

"Ngati mukundimveradi chisoni, alamu," ndinatero, "tayala lakumanzere laphwa. Pampu ili pakhondepo."

Anayang'ana tayala, anayang'ana ine, n'kukwera njinga yawo. Anati ali ndi msonkhano wachipani ku Kabudula ndipo achedwa kale.

Wopha ng'ombe uja anatsalira pang'ono. Anapepesa kuti anauzidwa kuti mwini wake wavomera. Atafika pamsewu anabwereranso, n'kundifunsa ngati ndingamututire nkhuni Lachitatu, pakuti mnyamata amene amamututira amabwera ataledzera. Tayala lija anandipopera ndi iyeyo.

Nkhunizo ndinamututira. Akubanja sanabwerebe, ndipo akadzabwera adzandipeza masana, chifukwa m'mawa sindikhala pakhomo. Ndimadzuka, ndimatsegula khola, ndimamanga goli, n'kupita kuntchito.