Dalaivala Wotsalira Pageti

A Chambuyo anayamba kuyendetsa basi ya ana a sukulu pa 7 Febuluwale 1996, ndipo ulendo wawo woyamba unali wa ku mabwinja a mzinda wakale wamiyala, umene eni ake anatha kalekale osasiya ngakhale dzina. Dzina la Chambuyo anawapatsa ndi madalaivala anzawo, chifukwa bamboyu ankabweza basi chambuyo ngati akulowetsa ulusi pa singano. Luso lomwelo ndi limene linawapweteketsa.

Bwalo loimikamo mabasi kumabwinjako ndi lopanikiza, ndipo geti lake ndi limodzi. Mabasi amawathithikiza motsatizana, yomaliza n'kuima pageti penipeni ngati chitsekero cha botolo. Wina akafuna kutuluka, ya pagetiyo imabwerera chambuyo mu kamsewu kotsetsereka, ngalande uku ngalande uku, kenaka n'kudzatsekanso. Choncho dalaivala wa pageti satalikirana ndi basi yake. Woyang'anira bwalolo, mkulu wina wamimba amene onse ankamutcha Wenzulo chifukwa wenzulo sinkachoka pakamwa pake, anaona luso la a Chambuyo tsiku loyamba lomwelo. Kuyambira pamenepo, kaya alawirire chotani, ankawaimitsa pambali mpaka bwalo lidzaze, n'kuwaika pageti.

"Malo anu ndi omwewa, akulu. Anyamata enawa angandigwetsere basi m'ngalande."

Zaka zoyambirira a Chambuyo ankanyada nazo. Pofika chaka chachisanu mawu amenewa anali atayamba kuwawawa m'khutu.

Mzindawo ankaudziwa ndi makutu okha. Popita, aphunzitsi ankaima kumbuyo kwa mpando wawo n'kumafotokozera ana za anthu amene anasanja makoma popanda dothi kapena simenti. Pobwerera, ana ankalimbana mawu za masitepe a mwala okumbika pakati, amene mapazi a anthu akalewo anawadya. Masitepe amenewa anawalowa mu mtima a Chambuyo. Phazi la munthu, mnofu weniweniwu, kudya mwala! Ankayang'ana ana aja pa galasi, ena akukanganirana bisiketi, ena ali m'tulo, mtima n'kumawawira: awa aona, ndipo pofika mawa aiwala.

Kunyumba akazi awo sankawasiya.

"Mwabwerako ku geti kwanu kuja, bambo? Tsiku lina mudzanditenge, nane ndikalione geti lotchukali."

Pa 18 Ogasiti 2023 dokotala anawaunika m'maso nthawi yaitali, kenaka anazimitsa katochi kake. Matenda a shuga anali atayamba kudya maso onse awiri. "Pakali pano msewu mukuuona," anatero, "koma laisensi yanu ikatha kumapeto a Novembala musadzavutike n'kukonzetsa. Ndipo chimene mukufuna kuona, chioneni msanga."

Ulendo womaliza wa kumabwinja chaka chimenecho unali Lachisanu, pa 3 Novembala. Mphunzitsi wa mbiri yakale amene ankatsogolera ana anali mayi wina yemwe a Chambuyo anamunyamulapo pa ulendo womwewu ali kamtsikana ka yunifolomu. Atamva za maso aja, anawapezera riboni yobiriwira imene alendo amavala pakhosi polowa. A Chambuyo anavala malaya oyera ndi nsapato zimene anagula pa ukwati wa mwana wawo. Anafika bwalo lili mbee, natsika, napita kwa Wenzulo atagwira chipewa m'manja.

"Achimwene, lero lokha ndiikeni pakona. Ndikufuna ndilowe nawo."

"Mulowe? Mukaone chiyani, miyala?" Wenzulo anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Chabwino, taimani kaye pambalipo, tiona."

Anaima pambali. Basi yoyamba inalowa pakona paja. Yachiwiri, yachitatu. Wenzulo ankaimba wenzulo yake osayang'anako n'komwe. Bwalo litadzaza anakodola a Chambuyo ndi dzanja lomwe lija la masiku onse.

"Bambo, tinagwirizana kuti alowa nafe," anadandaula mphunzitsi uja.

"Amadamu, inu phunzitsani ana, mabasi mundisiyire. Ya ku hotela iyo ituluka masana, ndiwalowetsa mmenemo."

Ana anandanda pambuyo pa mtsikana woonetsa alendo malo, yemwe ananyamula ambulera yachikasu kuti asamutaye, ndipo analowa. A Chambuyo anatsala pa chiwongolero, riboni ili pakhosi, nsapato zikuwaluma. Masana basi ya ku hotela inaliza hutala. Iwo anabweza yawo chambuyo, bwinobwino, pakati pa ngalande ziwiri zija. Mmene amakweranso, Wenzulo anali akulowetsa basi ina yongofika kumene m'malo muja.

A Chambuyo anatulutsa mutu pa windo. "Malo amenewo munati ndi anga!"

"Aaa, akulu, mnyamatayu sadziwa kubweza. Inu mudzalowa ulendo wina."

Ulendo wina. A Chambuyo anaimika basi pageti penipeni, nakoka buleki mpaka kulira, natsika, naika mwala kutayala monga mwa nthawi zonse. Kiyi anaponya m'thumba la malaya.

"Iih, mukupita kuti? Akulu! A Chambuyo!" anakuwa Wenzulo.

Khomo lolowera sankalidziwa. Limene ankalidziwa ndi lija ana ankatulukira, ndipo analunjika komweko. Mlonda wa pamenepo anatambasula manja.

"Madala, kuno n'kotulukira!"

"Ine ndimalowa chambuyo, mwana wanga. Tapatuka."

Mlondayo anayang'ana riboni, nayang'ana nkhope, napatuka.

Anazungulira kakhoma ka zimbudzi za madalaivala, kamene ankatsamira akamamwa tiyi zaka zonsezi, ndipo anaima chilili. Masitepe aja anali pomwepo. Iwo ankayesa kuti ali kutali, pamwamba pa phiri, aatali ngati nyumba yosanja. Anali ochepa, opapatiza, otuwa, kuseri kwa khoma limene anali atalidetsa ndi msana wawo.

"Apa?" anatero mokweza. "Pomwepa? Pomwepa!"

Ana a gulu lawo anali akutsika cha kumtunda, ndipo anaima n'kumawayang'ana. A Chambuyo anawerama kuti avule nsapato, aike phazi mokumbikamo.

"Pepani bambo, pamenepo sitiponda," anatero mtsikana wa ambulera uja. "Ngakhale kugwira sitilola."

"Ndiye ndione bwanji? Ndikaima apa ndikungoona utsi!"

Mtsikanayo anayang'ana mphunzitsi, mphunzitsi analoza m'maso mwake kusonyeza vuto la mkuluyo. Mtsikana uja anapinda ambulera, namasula chingwe chotchingira.

"Gwadani apa, musendeze nkhope. Koma manja kumbuyo."

A Chambuyo anagwada m'fumbi ndi thalauza lawo labwino, manja kumbuyo ngati wogwidwa, mphuno pafupi ndi mwala. Pamenepo utsi unachoka. M'mphepete mwa sitepe munali timizere ta chida chosemera, tosanjikana bwino. Pakati timizere tonse tinali titafufutika, mwala uli see ngati mkati mwa mbale, wokumbika kwambiri cha kumanja.

"Ankakwerera kumanjaku," anatero mtsikana uja chapansipansi, "chifukwa kumanzere kunali phompho. Amayi ankadutsa apa ndi mitsuko kuchokera ku chitsime."

"Opanda nsapato?"

"Opanda nsapato."

Kunja mahutala anali atayamba, imodzi, kenaka onse pamodzi. Wenzulo anatulukira ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Mwapenga kodi? Mabasi anayi akufuna kutuluka! Mwatsekera anthu!"

A Chambuyo sanadzutse mutu. "Adikire."

"Ndikakunenezani kwa abwana anu!"

"Kaneneni. Mukanenenso kuti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri munandisandutsa chitseko. Munandidyera maso anga pageti panu paja, inu ndi kawenzulo kanuko! Lero ndikuona sitepe iyi, ndikatha ndiona inayo, mpaka pamwamba. Basiyo ikakuvutani, kaikankheni."

Anaonadi imodziimodzi, akukwawa ndi maondo m'mbali mwake, ana akuwatsata pambuyo pawo, mahutala akulira. Atatha anadzuka, nasansa maondo, napita kukabweza basi, osakhudza ngalande.

Pa 6 Novembala abwana awo anawaimitsa ntchito, kutatsala masabata atatu kuti aisiye okha. Sanapepese.

Lero a Chambuyo amakhala pakhonde, ndipo munthu amamuzindikira ndi mawu. Akazi awo analeka nthabwala ya geti ija. Mlendo akawafunsa ngati mzinda wakalewo ndi wokongola, sayankha zimenezo. Amatambasula dzanja, n'kuloza ku mpanda wa nyumba yawo.

"Kuchokera pampando wanga kufika pa masitepe," amatero, "ngati apa ndi apo."