Mawu a Malemu Mkazi Wanga pa Ukwati wa ku Dzoole

Abale anga, izi si zongomva kwa anthu ayi, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo amene anali pa ukwati umenewo akhoza kundiikira umboni.

Ine ndi mkazi wanga tinkaimba awiri m'maukwati, ine gitala, iye kutsogolera nyimbo. Bambo wina wa situdiyo yojambulira nyimbo ku Madisi anatiuza kuti masiku ano aliyense amajambula payekha, iye n'kuphatikiza pa kompyuta. Mkazi wanga anakajambula mbali yake tsiku limene ine ndinali kumsika wa fodya. Sipanapite nthawi, anadwala n'kutisiya ine ndi mwana wathu.

Miyezi itapitapo, anthu ena a ku Dzoole anandipempha kukaimba pa ukwati wa mwana wawo. Nanga nyimbo za anthu awiri ndikanaimba bwanji ndekha? Wa situdiyo uja anandiikira mawu a malemu pa memori khadi kuti azimveka pa sipika ine ndikuvomera, ndipo zinakoma, amayi ena mpaka misozi. Koma nyimbo itatha, gitala ndatsitsa kale, m'sipikamo munamveka munthu akupuma mobanika. Kenako mawu a mkazi wanga, otsika ngati mmene ankandiyankhulira kunyumba, ananena kuti watopa, pamtima pakumuwawa, bambo a mwana adzamalize okha.

Thupi langa lonse linachita tsemwe. Anthu anamwazikana, mkwatibwi anathawa kusiya nsapato, ine ndinatsala chiimire ndikulira ngati mwana.

M'mawa mwake amalume a malemu anabwera atakwiya, akuti ndikumuletsa mwana wawo kugona. Titapita kwa wa situdiyo uja, analumbira kuti anangoiwala kudula kumapetoko, mayiyo ananenadi zimenezo tsiku lojambula, osadziwa kuti makina akujambulabe. Koma ndani akanamumvera? Amalumewo anamuimirira pamutu mpaka zonse zinafufutidwa, khadi ija n'kuiponya pamoto. Ine sindinawaletse, mantha anali asanandichoke.

Lero ndikudziwa kuti panalibe mzukwa. Anali mkazi wodwala amene ankandibisira ululu wake, ndipo zimandiwawa kwambiri. Mwana wathu, amene nthawi imeneyo anali woyamwa, pano ali ku sekondale, ndipo amandifunsa kuti amayi ake ankamveka bwanji akamaimba. Ndimati ndiyerekeze, koma nanenso ndinayamba kuiwala.

Chonde, ngati muli ndi mawu a munthu wanu amene anatsogola, musalole aliyense kuwafufuta pamene mantha akadali m'mutu. Ine mantha anga anatha kalekale, koma mwanayu ndilibe choti ndimumvetsere.