Kompyuta Imene Sindinaitsegule

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kukwaya. Nditamaliza sukulu ndinakhala zaka ziwiri ku Matero ndili manja lende, mpaka tsiku lina Ba Zulu, oimba besi kutchalitchi kwathu, anandipeza ndikusenda waya wa maikolofoni ndi mano. "Iwe Misozi, uzasiliza meno," anatero akuseka. "Bwera ku shopu pa Mande, nikupase sikuludalaiva."

Shopuyo inali kachipinda kuseri kwa msika. Tinkagulitsa makompyuta a salaula, otha kale ntchito kunja. Ba Zulu anali ndi lamulo limodzi: kompyuta usaigulitse usanaitsegule. Umamasula masikulu awiri akumbuyo, kuchotsa chivundikiro, kukuntha fumbi ndi bulashi, kenako n'kuyang'ana. Kodi mpata woonjezera remu, timitengo topatsa kompyuta liwiro, ulipo? Malo a hadi disiki yachiwiri, mosungira zolemba, alipo? Nanga pawa sapulai, kabokosi kolandira magetsi, ndi ya saizi yopezeka paliponse? Ine ndinkangoti mdalayu ngovuta. Chinthu chikuyaka, ufunanso chiyani?

Masiku amenewo kwacha inkagwa mwezi ndi mwezi, malaiti ankazima theka la tsiku, makampani akuchotsa anthu. Mmodzi wa ochotsedwawo anali Amai Tembo a ku Garden, amene anagwira ntchito yotaipa mu ofesi zaka zambiri. Ankafuna kutsegula kamalo kotaipira anthu makalata ndi mapulogalamu a ukwati. Anafika Ba Zulu atapita m'tauni.

Pashelefu panali kompyuta ziwiri. Ina inali chimbokosi chakuda, chokalikakalika. Inayo inali yasiliva, yowonda ngati buku la nyimbo.

"Mwana wanga, nitenge iti?" anandifunsa.

Ine ndi nzeru zanga za miyezi itatu ndinaloza yasilivayo. "Iyi amai, izaoneka bwino pa tebulo. Chija ni chakudala."

Anagula yasilivayo. Madzulo Ba Zulu anafunsa ngati ndinaitsegula. Ndinati inde. Linali bodza, ndipo linatuluka mosavuta mpaka ndinadzidabwa.

Patapita miyezi isanu, Lachitatu m'mawa, Amai Tembo anatulukira atabereka kompyuta ija kumbuyo ndi chitenje. Malaiti anali atabwera mwamphamvu, kompyuta n'kuzima. M'kati mwake munali mapepala a mayeso a sukulu ina ya m'komboni, ntchito yaikulu yoyamba imene anapatsidwa, yofunika Lachisanu. "Nikalephera iyi, sibazabwelanso," anatero. "Nizatseka chabe bizinesi, nikhale pa nyumba."

Ba Zulu anaitsegula ine ndili chilili. Pawa sapulai inali itapsa, koma inali yaitali, yopyapyala, ya pulagi yachilendo. Remu inali yomatiriridwa, popanda mpata ngakhale umodzi. Sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kunena chapansipansi, "Misozi, unakamba kuti unaisegula."

Bola akanandimenya mbama! Ndinanyamula kabokosi kopsako n'kukwera minibasi. Ndinazungulira mashopu a m'tauni mpaka mapazi kutupa, yankho lili limodzi: za mtundu uwu n'zoitanitsa kunja, ndipo mmene dola ilili palibe akuitanitsa. Ndinabwerera cha m'ma 3 koloko chimanjamanja, ndikulira m'minibasi ngati wofedwa.

Chinatipulumutsa ndi chimbokosi chakuda chija, chimene chinali chikadali pashelefu poti aliyense ankachinyoza. Ba Zulu anandipatsa sikuludalaiva. Ndinachotsa hadi disiki m'yasilivayo, kuiika m'chakudacho pamalo achiwiri amene anali opanda kanthu, kulumikiza mawaya ake awiri, n'kuyatsa. Mapepala onse a mayeso anaonekera. Ba Zulu anati mayiwo atenge chakudacho, yasiliva itsale.

Akumanga chitenje, ndinawauza zoona, kuti tsiku lija ndinangoona kukongola, m'kati sindinaonemo. Anamaliza kumanga. "Nenze nakufunsa monga mwana wanga," anatero, n'kutuluka. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Chimbokosi chija chikugwirabe. Taonjezamo remu kawiri, pawa sapulai tasintha kamodzi, yogula pamsika pompano. Ine tsopano ndili ndi kashopu kanga, ndipo wogula aliyense ndimamutsegulira, n'kumuuza aike chala pampata wopanda kanthu, adzionere yekha kuti mawa adzaonjezera pati.

Amai Tembo amanditumizira makasitomala ambiri. Koma aliyense wochokera kwa iwo amafika ndi uthenga womwewo: "Banena kuti musegule nikuona."